Dongo, nsungwi ndi choko m'sukulu za ku mapiri a Dowa

Pa 28 Novembala 1889, amishoni awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikika pa Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ina pa Kongwe, kwa Msakambewa. Kuchokera m'malo awiriwa sukulu za m'midzi zinayamba kuwanda m'zitunda ndi m'zigwa za Dowa, m'mapiri momwe muli Nachisaka, mpaka kukwera ku Ntchisi kumene kunadzamangidwa mishoni ya Chinthembwe. Sukuluzi zimakumbukika chifukwa cha kuwerenga, kulemba ndi nyimbo za m'tchalitchi. Komatu zinabweranso ndi phunziro la ntchito zamanja, ndipo phunziro limeneli linafika m'dziko lomwe linali kale ndi aphunzitsi ake.

Mtsikana wa m'mapiriwa ankaphunzira kuumba ali khale pambali pa amayi ake kapena agogo ake. Dongo ankakakumba kudambo kapena pachulu, n'kulinyika, n'kuliponda mpaka timiyala tonse titachoka, pakuti kamwala kamodzi kokha kamaphulitsa mphika pamoto. Woumba ankayamba ndi tsinde, n'kumakweza khoma pang'onopang'ono, dzanja lina m'kati lina kunja. Chitsononkho cha chimanga chinkasalaza mimba ya mphika, kansalu konyowa kankakonza mlomo, ndipo kamtengo kosongoka kankalemba mizere m'khosi. Ukauma pamthunzi kwa masiku angapo, mphikawo unkapita pamoto wa nkhuni ndi makungwa. Mwana woonerera ankapatsidwa kadongo kake koti aumbe kamphika ka masanje. Kakang'aluka, ankafunsidwa kuti, “Kodi dongoli unaliponda bwino?” Mayeso ake anali amenewo.

Anyamata nawo ankadziwa kuwaza nsungwi za lichero ndi dengu, kusoka mphasa za bango, kusema mpini ndi mthiko ndi kasemasema, ndiponso kuluka nkhokwe yosalowa makoswe. Kubusa ankaumba ng'ombe zadothi, nyanga zake za minga.

Panalinso luso lina lozama, lopanga zifanizo. Anankungwi ankaumba zinthu zophunzitsira anamwali, ndipo pabwalo pankatuluka zilombo za Gule Wamkulu, zina za nkhope zofiira, zina zazitali ngati Makanja, zina ngati Kasiyamaliro wovekedwa makoko a chimanga. Za kudambwe sizikambidwa pagulu, ndipo nkhani ino ikulemekeza zimenezo. Koma chimene diso la aliyense limaona pabwalo n'chokwanira kutsimikiza kuti anthu a kuno ankadziwa kusankha mitundu, kuyeza kukula kwa chinthu ndi kupereka uthenga popanda mawu. Kum'mwera, m'mapanga a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo zina mwa zoyerazo zinajambulidwa ndi makolo a Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi nyau. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, patangopita chaka chimodzi lilemekeze Gule Wamkulu.

Amishoni a Dutch anatengako mbali imodzi yokha ya chuma chimenechi. Cholinga chawo chinali choti Mkhristu akhale pamudzi pake, azidziwa Baibulo, azilima ndi kudzipangira zofunika pakhomo, m'malo mothamangira ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni. Choncho ku Mvera, ku Kongwe, ndiponso ku Nkhoma kumene likulu lawo linasamukira, ankaphunzitsa ukalipentala, kuumba njerwa, kufufuta zikopa, kuluka ndi kuwomba nsalu. Atsikana okhala pamishoni ankaphunzira kusoka, kuumba ndi kupanga sopo. Mu 1924 kunafika nthumwi za Phelps-Stokes zochokera ku America, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo zinayamikira kwambiri ntchito zamanja za mishoniyi. Boma la atsamunda litakhazikitsa nthambi yoona zamaphunziro mu 1926, maganizo amenewa anakhala ngati lamulo. Sukulu ya Jeanes ku Domasi inayamba kuphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, pamodzi ndi akazi awo, kuti akafalitse ukhondo, ulimi ndi ntchito zamanja.

Sikuti onse anakondwa nazo. Makolo ambiri anaona kuti ana a ku Livingstonia ndi ku Blantyre, amene ankaphunzira Chingerezi chokwanira, ndiwo ankalembedwa ukalaliki, pomwe mwana wa ku Dowa ankabwerako kusukulu ndi dengu. Dandaulo limeneli linali ndi maziko, ndipo linasiya chipsera chomwe chikuonekabe: m'maganizo mwa anthu, ntchito zamanja zinasanduka phunziro la amene sadzapita patali.

Chipsera chachiwiri chinali chozama kuposa pamenepa. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa pakati pa amishoni ndi eni mizinda ya nyau unakula m'chigawo chapakati. Mwana ankayenera kusankha pakati pa sukulu ndi dambwe. Sukulu inalandira lichero ndi mphasa, koma inatsekera pakhomo luso lonse losema nkhope ndi kuumba zifanizo, pomwe m'menemo ndi mmene munali akatswiri enieni a zojambula. Zinatenga zaka 50 kuti mpingo wina uyesere njira ina. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa Katolika wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni ku Mua, kumene amisiri osema anayamba kugwiritsa ntchito maonekedwe a Chichewa, Chingoni ndi Chiyao, ngakhale pa zosema za m'tchalitchi. Sukulu za pulayimale sizinatengerepo phunziro kwenikweni.

Amene anaphunzira m'nthawi ya Kamuzu amaikumbukira bwino nthawi ya ntchito zamanja. Teremu ikamatha, mphunzitsi ankalengeza kuti mnyamata aliyense abwere ndi mpini, chipande kapena tsache, ndipo atsikana aonetse kansalu kamene asoka. Ena ankasemadi okha mpaka matuza m'manja. Ena ankapempha amalume awo kuti awasemere, kapena ankagula pamsika, malikisi n'kupeza ofanana. Vuto linali loti kuphunzitsa kwenikweniko, kwa kugwira dzanja la mwana ndi kumuonetsa popendekera mpeni, sikunkachitika m'kalasi. Sukulu inkangolandira zomwe mudzi waphunzitsa.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kunalembedwa aphunzitsi zikwizikwi osadutsa kukoleji, ndipo makalasi ambiri anasamukira pansi pa mitengo. Mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 sakanatha kugawa mapepala ndi makrayoni omwe kunalibe. Mu 2007 maphunziro atsopano okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi anaphatikiza kujambula, nyimbo, magule, zisudzo, kusoka ndi masewera olimbitsa thupi kukhala phunziro limodzi la Expressive Arts. Pamapepala, kusinthaku kunali kwabwino, chifukwa kunalowetsa magule ndi zaluso za makolo m'kalasi, zinthu zimene zinakanidwa kale. Koma pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB phunziroli limafunsidwa pamodzi ndi Life Skills, ndipo mwana amangoyankha mafunso papepala. Angathe kukhoza bwino funso la mmene mphika amaumbira asanagwirepo dongo chibadwire. Mphunzitsi amene akulembetsa manotsi m'malo mopita ndi ana kudambo sitingamunene, pakuti akutsata chimene mayeso akufuna.

Chokhumudwitsa n'chakuti zipangizo zimene sukulu imati zikusowa zili ponseponse kuzungulira Nachisaka. Dothi lofiira, lakuda ndi loyera limene amayi amazirira nyumba limapereka mitundu itatu ya utoto. Makala amajambula bwino pa katoni. Mapesi, makoko, luzi, khonje ndi mawaya otayidwa, amene anyamata amapangira magalimoto okhala ndi chiwongolero chokhota matayala, zonsezi n'zaulere. Aphunzitsi ena akhama amazigwiritsadi ntchito, makamaka m'teremu yachitatu anthu atakolola, pamene mvula yaleka ndipo zoumba zimauma bwino pakhonde la kalasi.

Chimene chikuchepa msanga ndi amisiri. Mabeseni ndi zigubu zapulasitiki zalanda malo a mtsuko ndi dengu, nsungwi zikusowa m'mitsinje, ndipo ambiri mwa oumba ndi oluka otsala m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi ndi okalamba. Malamulo a maphunziro amalola sukulu kuitana katswiri wa m'mudzi kuti adzathandize pa phunziro. Komiti ya sukulu ndi amfumu amawadziwa mayina agogo onse oumba ndi oluka malichero m'dera lawo, ndipo ambiri amakhala pamtunda woyenda wapansi kuchokera pa kalasi.