Chilumba cha Likoma: Mbiri Yake ndi Zimene Mlendo Akaona

Ife anthu a kwa Chulu tinabadwira kuchigwa, kumene maso ayenda kutali osakomana ndi phiri kapena madzi akulu. Tidziwa fodya, tidziwa zigafa ndi mabelo, ndipo msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa mitima yathu yonse ili komweko. Koma za nyanja ambiri a ife tingomva ndi makutu, ngakhale usipa wake tidya chaka chonse. Tsono mlimi amene wagulitsa bwino, nafuna kupumula ndi kuona dziko lake, achita bwino kuganizira za Likoma. Koma asanakwere sitima ayambe wamva mbiri ya malowo, pakuti wosadziwa mbiri akaona miyala ndi milambe yokha, nabwera nati palibe kanthu.

Likoma ndi chilumba chaching'ono, m'litali mwake mailosi 5 okha. Chili pafupifupi mailosi 40 kuchokera ku Nkhata Bay, koma tsidya la Mozambique, pa mudzi wa Kobwe, lili pafupi kotero kuti munthu aliona bwino lomwe ndi maso. Kumadzulo kwake kuli mng'ono wake, Chizumulu. Pa kalembera wa 1998 zilumbazi zinali zikali pansi pa boma la Nkhata Bay. Lero ndi boma paokha, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu ake anapitirira 14,000. Nthaka yake ndi yamiyala ndi yamchenga, yobala chinangwa ndi mango koma yokana chimanga. Mlimi wa kuno akaiona adzapukusa mutu. Nanga chinakokera Azungu pamalo ouma otere nchiyani?

Yankho liyambira m'njira imene makolo athu anaidziwa. M'zaka za m'ma 1800 minyanga ndi akapolo zinali kutsika kuchokera kuno ku Kasungu kumka kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo kumeneko zombo zamathanga zinali kuolotsa anthuwo kumka kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anaona malonda oipawa ndi maso ake, ndipo anafikanso m'dziko la Mwase m'chaka cha 1863. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1857, iye anali atalankhula kwa ophunzira a ku Cambridge, ndipo mau akewo ndiwo anabala mishoni ya Universities' Mission to Central Africa, imene anthu aitchula mwachidule U.M.C.A. Chiyambi chake chinali cha misozi. Bishopu Charles Mackenzie anamanga pa Magomero mu 1861, namwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Anzake ena anamtsata kumanda, ndipo Bishopu Tozer anasamutsira nchito yonse ku Zanzibar mu 1864.

Panapita zaka zambiri asanabwerere. Amene anawabweza ndiye William Percival Johnson, munthu wouma mtima pa zowawa, amene anafika kunyanja mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson. Janson anamwalira atangofika. Johnson anayenda yekha m'midzi ya tsidya la kum'mawa, naona kuti Anyanja a kumeneko analibe mtendere: Angoni otchedwa Magwangwara anali kutsika m'mapiri kudzafunkha, ndipo anthu anali kukhala m'malinga ndi m'mabango. Anaona kuti mishoni yomangidwa pamtunda idzatenthedwa tsiku lina, koma ya pachilumba nkhondo siingaifikire, ndipo sitima ikhoza kuyendera midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Anabwerera kwao kukapempha ndalama, ndipo ngakhale nthenda ya maso inamsiya wosapenya bwino moyo wake wonse, sitimayo inapezeka. Anaitcha Charles Janson, niyamba kuyenda mu 1885. Chaka chomwecho Bishopu Smythies anapempha malo pa Likoma kwa mfumu Chiteji, amene anali kukhala kutsidya, ndipo anapatsidwa malo otchedwa Chipyela.

Dzina limeneli lili ndi nkhani. Chipyela ndiko kunena popserera, pakuti pamenepo ndipo anali kutenthera anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti. Ife a kuno tisafulumire kuwadzudzula, chifukwa makolo athunso anali kumwetsana mwabvi, ndipo ambiri osalakwa anafa nawo.

Mu 1886 kunafika Chauncy Maples, amene anamanga sukulu naika makina osindikizira mabuku; mu 1893 anayamba kutulutsa nyuzi yotchedwa Nyasa News pachilumba pomwepo. Mu 1895 anamdzoza ku London kukhala bishopu wa Likoma, koma pampando wake sanakhalepo. Pobwera, pa 2 Sepitembala, ngalawa yake yamathanga yotchedwa Sherriff inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Lifuwu. Amalinyero anasambira napulumuka, koma iye mkanjo wake unalemera ndi madzi, namira. Manda ake ali m'tchalitchi cha ku Nkhotakota, ndipo wopita ku Likoma podzera njira ya Kasungu ndi Nkhotakota akhoza kuyamba waima pamenepo. Sitima yachiwiri ya mishoni inatenga dzina lake. Anaipanga ku Glasgow, naitumiza zidutswazidutswa kudzera m'Zambezi ndi m'Shire. Pa mathithi anthu anasenza zitsulozo pamutu, ndipo chophikira nthunzi chake, cholemera matani 11, chinakokedwa pagaleta ndi amuna 450. Inalowa m'madzi mu 1901, nikhala tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama.

Apa tiyenera kuona chinthu chimene chidabwitsa ana a sukulu poyang'ana mapu: zilumba ziwirizi nza Malawi, koma madzi ozizinga nga Mozambique. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana malire m'pangano la 1891, gombe la kum'mawa linagwera Apwitikizi, koma zilumbazo zinatsalira Angerezi chifukwa cha mishoni ija. Pangano lina la 1954 ndilo linagawa madziwo pakati. Kunena zoona, pakadapanda Johnson ndi sitima yake, lero tikadafuna chiphaso kuti tikapondeko. Koma malirewo sanadule chibale. Anthu a ku Likoma ndi a kutsidya ndi amodzi, akwatirana, ndipo nkhuni, nsungwi ndi zakudya zakhala zikuoloka ndi mabwato kuyambira kale. M'nkhondo ziwiri za ku Mozambique, ya ufulu ndi yapachiweniweni imene inatha mu 1992, othawa ambiri anapeza pogona kwa abale ao pachilumbapo.

Chachikulu chimene mlendo akaona ndicho tchalitchi cha Petro Woyera pa Chipyela. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903. Mmisiri wolemba ndi kuyang'anira mamangidwe anali Frank George. Anayamba kupemphereramo mu Sepitembala 1905, ndipo anachipatula mu Novembala 1911, m'masiku a Bishopu Cathrew Fisher. M'litali mwake chipitirira mapazi 300, ndipo chinamangidwa mwa maonekedwe a mtanda. Mabuku ambiri atchula maina a Azungu okha, koma manja amene anaswa miyala ya pachilumbapo, naumba njerwa, naolotsa mitengo ndi laimu kuchokera kumtunda, anali a Anyanja, amuna ndi akazi omwe, ndipo ambiri a iwo anaphunzira umisiri pa nchito yomweyo. Mlendo aloweko m'mawa dzuwa likulasa magalasi amawangamawanga a m'mazenera. Aone mipando ya oimba yosemedwa m'mwala wofewa, ndi kamtanda ka pamwamba pa gome lolalikirapo, kamene kanasemedwa ndi mtengo wochokera kwa Chitambo, kumene anakwirira mtima wa Livingstone mu 1873. Ife a kuno ambiri tinaleredwa ndi mpingo wa Nkhoma, m'nyumba zopempherera zopanda chokometsera. Zofukiza, makandulo ndi mikanjo ya kumeneko zidzatichititsa chilendo. Koma wokhalapo tsiku la Sabata asalephere kukamva kuimba kwao. Adzamvanso Chinyanja cha kunyanja, chimene Johnson anamasuliramo Baibulo, chosiyana pang'ono ndi cha m'Buku Lopatulika la 1922 limene tiwerenga ife.

Johnson anamwalira ku Liuli mu 1928, atatha zaka 46 panyanjapo. Koma zipatso zoposa za mishoniyi zinali ana a dziko lino. Leonard Kamungu, Mnyanja wa kutsidya, anadzozedwa unsembe mu 1909, nakayambitsa nchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, namwalira komweko mu 1913. Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma, anakhala bishopu woyamba wachikuda wa mpingowo m'Malawi mu 1965. Sukulu zinachuluka kotero kuti atsikana omwe anadziwa kuwerenga pa nthawi imene m'midzi yathu ambiri anali asanaone sileti. Koma maphunzirowo anadya chilumba chao chomwe: popeza nthaka siinathe kuwadyetsa, ophunzirawo anamwazikira ku Harare, ku Joni ndi ku Tanganyika kukakhala alembi, aphunzitsi ndi amisiri. Ndipo pambuyo pake likulu la mpingo linachoka pachilumba kumka kumwera, ndipo m'masiku a Bishopu Donald Arden linakakhazikika ku Malosa, kufupi ndi miseu ndi Boma. Chimene chinali linga m'masiku a nkhondo chinasanduka mtunda m'masiku a mtendere.

Zina zoona nzosasowa kulongosola kwambiri. Pali msika wa pa Mbamba, pali milambe ikuluikulu imene ina ili ndi mphako zolowa munthu, pali magombe amchenga ndi madzi oyera moti tinsomba ta mbuna tioneka pakati pa miyala. Usiku nyali za asodzi a usipa zindandalika panyanja ngati mudzi. Nthawi zina kuoneka chinthu chonga utsi chikukwera pamadzi. Si moto ai, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kunyanja atigwira ndi kuumba ndiwo. Wamwai adzapeza malipenga, gule wa amuna wobvala zoyera ndi kuguba monga asilikali, amene tingamufanizire ndi mganda wa kwathu kuno; akazi nao abvina chioda.

Za ulendo, sitima ya Ilala, yopangidwa ku Scotland, yakhala ikufika pachilumbapo kuyambira 1951, ndipo liliponso bwalo la ndege. Koma pali chenjezo limene likhudza ife alimi a fodya koposa ena. Ndalama zathu zifika m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, ndipo imeneyo ndiyo miyezi ya mwera, mphepo ya kumwera imene iutsa mafunde onga a m'nyanja yamchere. Ndi mu Julayi 1946 m'mene sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba, nitenga miyoyo 145. Sitima yaikulu ipirira mwera, koma mimba ya munthu wa kuchigwa siipirira, ndipo bwato laling'ono lodzaza katundu asakwere konse masiku amenewo. Wokhoza kusunga ndalama yake adikire Sepitembala, mphepo italeka, nazale zitafesedwa ndi wozithirira atapezeka, kuti abwerere mvula yookera isanagwe.