Mbiri ya Ulendo Wokalawa Vinyo m'Minda ya Mpesa ya ku Cape

Mlendo wofika mumzinda wa Cape Town masiku ano amapatula tsiku limodzi kapena awiri kuti azungulire minda ya mpesa ya ku Constantia, Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, kumene amalawa vinyo ndi kudya chakudya chamasana pamthunzi wa mitengo ikuluikulu. Popeza nyumba za m'mindamo n'zamakedzana, ambiri amaganiza kuti chizolowezichi n'chamakedzananso, pamene zoona zake n'zakuti chinakhazikika m'chaka cha 1971, alimi ena atafuna kugulitsa okha vinyo wawo. Zimene zilidi zakale ndi mpesawo ndi zakudyazo, ndipo mbiri ya zinthu ziwirizi ili ndi anthu ambiri amene mayina awo salembedwa pamabotolo.

Mpesa unafika ku Cape ndi kampani ya malonda ya Adatchi yotchedwa VOC, imene mu 1652 inatuma Jan van Riebeeck kukakhazikitsa malo oti sitima zapamadzi zopita ku Asia zizipezako madzi, nyama ndi ndiwo zamasamba. Vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659. Koma ulimiwu unazika mizu mu ulamuliro wa Simon van der Stel, amene anayambitsa mudzi wa Stellenbosch mu 1679 ndipo mu 1685 anapatsidwa malo aakulu kuseri kwa phiri la Table Mountain, n'kuwatcha Constantia. Kuyambira mu 1688 kunabwera Afalansa pafupifupi 200 otchedwa Ahuguenot, omwe anali Akhristu a Chipulotesitanti othawa chizunzo kwawo, ndipo ambiri anapatsidwa minda m'chigwa cha Drakenstein ndi kumene lero kuli Franschhoek. Chifalansa chawo sichinakhalitse, chifukwa kampani inkafuna kuti kusukulu ndi kutchalitchi kuziyankhulidwa Chidatchi, koma mayina a minda monga La Motte, La Provence ndi Cabrière anatsala, ndipo ndi mayina amenewa amene otsatsa malonda akhala akuwadalira pokopa alendo.

Chiwerengero chochepa chotere sichikanatha kugalawuza nthaka, kudzala, kudulira, kukolola ndi kuponda mphesa m'zigwa zonsezo. Malowo anali msipu wa ziweto za Akhoikhoi, amene analandidwa dziko pang'onopang'ono mpaka ambiri anasanduka antchito m'minda ya obwera, ndipo ntchito yaikulu inagwiridwa ndi akapolo. Magulu oyamba aakulu anafika mu 1658 kuchokera ku Angola ndi kugombe la Guinea. Pambuyo pake ankatengedwa ku Madagascar, ku India ndi kuzilumba zimene lero ndi Indonesia, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ambiri ankachokera kugombe la Mozambique. Sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, imene inanyamuka pachilumba cha Mozambique kupita ku Brazil itanyamula akapolo pafupifupi 500, inasweka pafupi ndi Cape Town mu Disembala 1794. Oposa 200 anamira, ndipo amene anapulumuka anagulitsidwa konko. M'minda yambiri yakale mukadali kachipilala koyera kokhala ndi belu loitanira akapolo kuntchito, ndipo alendo amakonda kujambulitsa pamenepo, ena osafunsa n'komwe kuti belulo linali la chiyani.

Alendo oyamba okaona munda wa mpesa anali opita ku Constantia. Hendrik Cloete atagula Groot Constantia, gawo la malo a Constantia aja, mu 1778, vinyo wake wotsekemera, wopangidwa ndi mphesa zosiyidwa mumtengo mpaka kuyamba kufota, anatchuka m'nyumba zachifumu za ku Ulaya, ndipo Napoleon ankamwa vinyo wa ku Constantia ali mu ukaidi pachilumba cha St Helena. Akuluakulu a m'sitima zokocheza padoko ankakwera akavalo kapena ngolo ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kuti akaone migolo ndi kulawako. Umenewu sunali ulendo wa munthu wamba, koma kuchereza kwa mwini munda kwa anthu amene akanagula kapena kukafalitsa mbiri yake kutsidya kwa nyanja.

Zinthu zinasokonekera m'zaka za m'ma 1800. Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, ngakhale omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Mu 1861 dziko la Britain linachotsa mwayi wa msonkho wotsika umene vinyo wa ku Cape anali nawo, choncho sanathenso kupikisana ndi wa ku France. Boma linagula Groot Constantia mu 1885, ndipo chaka chotsatira kunapezeka phylloxera, kachilombo koyamwa mizu ya mpesa, kamene kanakakamiza alimi kuzula minda ndi kumezanitsa mpesa wawo pazitsa za mitundu ya ku America. Mindayo itatsitsimuka, vinyo anachuluka mopitirira ogula, ndipo mu 1918 alimi anakhazikitsa bungwe la KWV ku Paarl, limene pambuyo pake linapatsidwa mphamvu zoika mitengo ndi malire a zokolola. M'dongosolo limeneli mlimi ankapereka mphesa kapena vinyo wake kubungwe kapena kumakampani akuluakulu, gawo lalikulu n'kutchezedwa kukhala burande, moti pamunda panalibe botolo la dzina la mundawo loti mlendo aliyendere ulendo. Vinyo amene ankamwedwa pamunda tsiku ndi tsiku anali wa dop, ndiye kuti vinyo wotsika amene antchito ankapatsidwa ngati gawo la malipiro. Mchitidwewu unaletsedwa ndi lamulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma unapitirira m'minda ina mpaka m'ma 1990, ndipo zotsatira zake, makamaka ana obadwa olumala ubongo chifukwa cha mowa umene mayi ankamwa ali woyembekezera, zikuonekabe m'dera la minda ya mpesali.

Kusintha kunadza ndi alimi atatu a ku Stellenbosch. Frans Malan wa ku Simonsig ndi Niel Joubert wa ku Spier, atayenda ku Burgundy m'dziko la France mu 1969, anaona zikwangwani za m'mbali mwa msewu zolondolera anthu kuminda yogulitsa vinyo, ndipo atabwerera anagwirizana ndi Spatz Sperling wa ku Delheim kuti achite chimodzimodzi. Njira ya Stellenbosch Wine Route inatsegulidwa mu 1971, ndipo mu 1973 boma linakhazikitsa dongosolo la Wine of Origin, lotsimikizira dera, mtundu wa mphesa ndi chaka cha vinyo wa m'botolo, zimene zinapatsa dzina la munda mtengo wake. M'nthawi ya tsankho alendowo anali makamaka azungu a m'dziko momwemo, chifukwa maiko ambiri ankakana katundu wa ku South Africa ndipo malamulo ankalekanitsa mitundu m'malo odyera ndi omwera.

Munthu wolawa vinyo m'minda itatu asanadye safika patali, ndipo eni minda sanachedwe kuona kuti mlendo amene wakhala pansi kudya amachoka atagula mabotolo ambiri. Poyamba ankapereka buledi ndi tchizi basi, kenaka zipinda zakale zosungira migolo zinasandutsidwa malo odyera, ndipo zimene zinaikidwa patebulo zinali zakudya zochokera m'makhitchini mmene akapolo a ku Asia ndi ku Africa ankaphikira. Bobotie ndi nyama yogaya yosakaniza ndi anyezi, buledi wonyika mumkaka, ufa wa kale (curry) ndi zipatso zouma, imene pamwamba pake amathirapo mazira omenyedwa ndi mkaka n'kuiwotcha mu uvuni mpaka kufiirira, ndipo imadyedwa ndi mpunga wachikasu wa mphesa zouma. Waterblommetjiebredie ndi nyama ya nkhosa yophikidwa pamoto wochepa pamodzi ndi maluwa a chomera cha m'madamu, chimene chimathyoledwa m'nyengo ya mvula ya kumeneko, yomwe imagwa m'miyezi yozizira ya Juni mpaka Ogasiti. Palinso snoek, nsomba yaitali ya m'nyanja yamchere, yootchedwa pamakala n'kupakidwa jamu. Chakudya chimene chimanenedwa kuti chinadza ndi Ahuguenot ndi mosbolletjies, timabanzi totupitsidwa ndi madzi a mphesa ongoyamba kusasa, monga mmene thobwa limachitira likagonera, ndipo n'chifukwa chake kale tinkaphikidwa m'nyengo yokolola yokha. N'zochititsa chidwi kuti ambiri mwa zidzukulu za ophika aja, amene amatchedwa Cape Malay, ndi Asilamu, ndipo samwa vinyo amene zakudya za makolo awo zimathandiza kugulitsa.

Chiyambire 1994, pamene ulamuliro wa tsankho unatha, alendo akunja achuluka, ndipo minda imapikisana pofuna kukumbukiridwa. Ku Fairview, pafupi ndi Paarl, nsanja ya mbuzi imene inamangidwa mu 1981 imakopa anthu kukalawa tchizi cha mkaka wa mbuzi. Klein Constantia anatsitsimutsa vinyo wotsekemera uja ndi zokolola za 1986 m'dzina la Vin de Constance. Babylonstoren ili ndi dimba lalikulu lotengera kalembedwe ka dimba la kampani ya VOC ku Cape Town. Ndipo kuyambira mu 2012 kasitima ka Franschhoek Wine Tram kamayenda panjanji ya mu 1904 kutula alendo m'minda, kuti asayendetse galimoto atamwa. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi minda ina imalola alendo kuvula nsapato ndi kuponda mphesa mumgolo, ntchito imene kale inali thukuta la akapolo.

Amene amakolola ndi kuperekera zakudya lero ndi mbadwa za antchito akale aja, pamodzi ndi obwera kuchokera ku Eastern Cape, Lesotho, Zimbabwe ndi Malawi. Sitiraka ya antchito a m'mafamu imene inayamba mu 2012 ku De Doorns, dera la mphesa zodya, inachititsa boma kukweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa R69 kufika pa R105 patsiku mu 2013. Munda wa Solms-Delta, pafupi ndi Franschhoek, unatsegula nyumba yosungira mbiri yotchedwa Museum van de Caab, imene pakhoma pake panaikidwa timiyala tokumbukira akapolo amene anagwira ntchito pamundawo, koma minda yochita zotere ndi yochepa poyerekeza ndi imene mbiri yake yoperekedwa kwa alendo imayambira pa mwini munda woyamba ndi kuthera pa wopanga vinyo wa lero.