Kirsty Coventry, mwana wa ku Harare wosambira cagada

Aphunzitsi ndi makolo, anzathu a ku Zimbabwe ali ndi mamendulo 8 a Olimpiki, ndipo 7 anawabweretsa munthu mmodzi, Kirsty Coventry. Yotsalayo ndi ya amayi a hockey mu 1980.

Coventry anabadwira ku Harare mu 1983, ndipo luso lake linakhwimira ku Auburn University, ku America. Ku Athens mu 2004 anatenga golide pa mamita 200 osambira cagada. Cagada n'covuta ndithu, cifukwa khoma suliona, umangowerenga mikono kuyambira pa timbendera tomangidwa mamita 5 usanafike. Ku Beijing mu 2008 anatenganso golideyo, kuwonjezapo siliva zitatu. Caka cimeneco ndalama ya Zimbabwe inali itasanduka mapepala cabe, koma Robert Mugabe anamupatsa madola 100,000 a ku America.

Mu 2018 analowa unduna wa zamasewera m'boma la Emmerson Mnangagwa, ndipo ena amamudzudzulabe pa zimenezi. Pa 20 Marici 2025 anasankhidwa ndi mavoti 49 mwa 97 kukhala pulezidenti wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse. Mpando umenewo unali usanakhalidwepo ndi mayi kapena munthu wa mu Afirika.