Dziko la Mars M'botolo

Ndili mwana ndinkakonda kugwira ziphaniphani n'kuzitsekera m'botolo. Kukacha ndinkazipeza zitafa, agogo n'kumandikalipira kuti chamoyo sasewera nacho. Mawu awo andibwerera powerenga mbiri ya mabotolo ena, a asayansi.

M'zaka za m'ma 1950, pa Randolph Air Force Base ku Texas, dokotala wa ku Germany, Hubertus Strughold, ndi anzake anafuna kudziwa ngati chamoyo chingapirire pa Mars. Poti chombo chokafika kumeneko kunalibe, anati basi, Mars yo timupange konkuno. Anathira dothi m'mabotolo, kupopa mpweya wambiri kuuchotsa, n'kusiyamo nayitirojeni poganiza kuti ndiye wachuluka kumeneko. Usiku mabotolo ankagona m'chisanu choumitsa madzi, masana ankafunda. Mu 1958 anafalitsa zoti mabakiteriya ena a m'dothimo sanafe ayi.

Komatu Mars wawoyo anali wongopeka. Mu 1965 chombo cha Mariner 4 chinasonyeza kuti mpweya wa kumeneko ndi wochepa zedi, sufika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a wathu kuno. Mu 1976 zombo za Viking zinatsimikiza kuti pafupifupi 95 peresenti ndi carbon dioxide. Mabotolo anakonzedwanso, ndipo mu 2013 Andrew Schuerger ndi Wayne Nicholson a pa University of Florida anaonetsa kuti bakiteriya wotchedwa Serratia liquefaciens amaswana ndithu mu mpweya wotero pa madigiri 0. Nkhawa ndi yakuti tizilombo tathu tingakwere zombo n'kukadetsa dziko lomwe tikufunamo moyo.

Koma awerengi, Strughold yu anachokera kuti? Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankatsogolera kafukufuku wa zaumoyo wa asilikali a ndege a Hitler ku Berlin. Mu 1942, kundende ya Dachau, Sigmund Rascher ankatsekera akaidi m'chipinda n'kupopa mpweya kuti aone pomwe munthu amafera. Oposa 70 anafa. Chaka chomwecho Strughold anakhala nawo pamsonkhano ku Nuremberg pomwe panafotokozedwa za kuzizitsa akaidi a ku Dachau komweko. Iye ankakana kuti sanatengeko mbali, ndipo sanazengedwe mlandu. Mu 1947 Amereka anamutenga kukagwira ntchito kwawo.

Anamwalira mu 1986 akulemekezedwa. Paja akuluakulu amati mlandu suola: mu 1995 dzina lake linachotsedwa pa laibulale ya Brooks Air Force Base.

Sindikunyoza mabotolo a Mars, atiphunzitsa zambiri. Chondivuta ine n'chakuti funso la ku Texas ndi la ku Dachau ndi limodzi: chamoyo chingapirire mpaka pati? Agogo sanapite kusukulu, koma akanayamba afunsa kuti m'botolomo mwatsekera yani.