Kukonzekera mpikisano woyamba wa adzitho: zoyenera kudziwa mlimi wa ku Chifunde

M'misika ing'onoing'ono ya m'mbali mwa msewu wa N9, wochokera ku Tete kukafika pachipata cha Cassacatiza, si zachilendo kupeza anyamata kuseri kwa golosale akunyamula zitsulo dzuwa likapepa. Zambiri mwa zitsulozo n'zopanga okha: simenti yothira m'zitini ziwiri za penti, pakati paipi yachitsulo, kapena magiya a lole yakufa. Ena mwa anyamatawa afunsa ku wailesi ino kuti munthu amatani kuti akafike pansanja ya mpikisano ngati imene amaiona pa Facebook. Nkhani ino ikuyankha funso limenelo.

Masewerowa ndi otani

Pa Chipwitikizi amatchedwa fisiculturismo kapena culturismo, pomwe ku Malawi ndi ku Zambia anthu amangoti mpikisano wa adzitho kapena wa ziphona. Ambiri amawasokoneza ndi masewero opikisana kunyamula zolemera, koma n'zinthu ziwiri zosiyana. Pampikisano wa adzitho palibe chitsulo chimene chimakwera pansanja. Munthu amaima atavala kakabudula kokha, ndipo oweruza amayang'ana zinthu zitatu: kukula kwa minofu, kugwirizana kwa ziwalo kumanja ndi kumanzere komanso kumtunda ndi kumunsi, ndiponso kuchepa kwa mafuta pansi pa khungu kotero kuti mnofu uliwonse uoneke pawokha.

Choncho mlimi amene amasenza thumba la feteleza la makilogalamu 50 osapumira akhoza kugonja kwa munthu amene sangalinyamule n'komwe. Mphamvu za kumunda ndi poyambira pabwino, koma oweruza sazipima.

Mpikisano woyamba waukulu anaukonza Eugen Sandow mu 1901 mu holo ya Royal Albert ku London. Bungwe la IFBB, limene malamulo ake amatsatidwa m'mayiko ambiri, linakhazikitsidwa mu 1946 ndi abale awiri, Ben ndi Joe Weider, ku Canada. Mr Olympia, mpikisano wotchuka kuposa yonse, unayamba mu 1965. Arnold Schwarzenegger anaupambana kasanu n'kawiri, ndipo ulendo wina, mu 1975, unachitikira ku Pretoria. M'zaka zaposachedwa chikhochi chafika m'manja mwa anthu obadwira mu Africa muno: Mamdouh Elssbiay wa ku Egypt mu 2020 ndi 2021, kenako Samson Dauda, wobadwira ku Nigeria, mu 2024.

Mipikisano ili kuti

Kuno ku Mozambique mipikisano yambiri imachitikira ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo dzina lodziwika kwambiri ndi la Bruno Saraiva. Ku Malawi kuli Mr Malawi, amene kawirikawiri amachitika chakumapeto kwa chaka, ndipo anapambanapo anthu ngati James Daud ndi Emmanuel Muhuwa. Ku Zambia kuli Mr Zambia, kumene Sylvester Mwila anatenga chikho kambirimbiri. Ku Johannesburg kunayamba Arnold Classic Africa mu 2016, koma kumeneko si koyambira.

Kwa munthu wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzu, Katete ndi Chipata zili pafupi kuposa mzinda wa Tete. Komabe kuyandikira si chilolezo. Chikho cha dziko chimakhala cha nzika za dzikolo, ndiye musanawononge ngakhale metical imodzi funsani okonza mpikisano ngati mlendo amaloledwa, ndalama yolembetsera ndi zingati, ndiponso akufuna zikalata ziti. Njira zachidule za m'tchire zimene timadutsa popita kuchigayo kapena kumaliro tsidya linalo sizingakuthandizeni pano; muyenera kudutsa pachipata ndi zikalata zoyendera. Nzeru yabwino n'kuyamba ndi mpikisano waung'ono wa jimu ina ya m'tauni, ndipo ngati n'kotheka mukaonerere kaye kamodzi musanalembetse.

Opikisana amagawidwa potengera kulemera kwa thupi, mwachitsanzo osapitirira makilogalamu 70, 80 kapena 90, kotero wamng'ono thupi sapikisana ndi chiphona poyamba pomwe. Palinso gawo lotchedwa Men's Physique, momwe amavala kabudula wofika m'mawondo ndipo safuna minofu ikuluikulu. Ongoyamba ambiri amalowera pamenepa. Amayi nawonso ali ndi magawo awo.

Nthawi: kalendala ya mpikisano ndi kalendala ya munda

Apa ndi pamene anyamata athu ambiri amalakwitsa, chifukwa malangizo a pa intaneti analembedwera anthu a m'tauni amene chakudya chawo chimafanana chaka chonse. Kukonzekera kuli ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi kumanga minofu, ndipo chimatenga nthawi yaitali: munthu amene sanakwanitse zaka ziwiri akunyamula zitsulo mwadongosolo asathamangire pansanja. Chachiwiri ndi kuchotsa mafuta, chimene chimatenga masabata 12 mpaka 20 mpikisano usanachitike.

Pochotsa mafuta, thupi liyenera kutsika pang'onopang'ono, pakati pa theka la peresenti ndi peresenti imodzi ya kulemera kwanu pasabata. Munthu wa makilogalamu 75 azitaya pafupifupi theka la kilogalamu pasabata, ndiye ngati akufuna kuchotsa makilogalamu 8, awerengere masabata 16. Mukathamanga kuposa apa, thupi limayamba kudya minofu yomwe munaivutikira ija.

Tsopano ikani masabata 16 amenewa pakalendala yathu. Ngati mpikisano uli mu Disembala, kuchepetsa chakudya kukuyamba mu Ogasiti. Ndi nthawi yomweyo ya nazale za fodya, yothirira m'mawa ndi madzulo; kenako kusosa ndi kugalauza m'dzuwa la Okutobala; ndipo masabata otsiriza, pamene thupi lafooka kwambiri, akugwera pa mvula yoyamba ndi kubzala. Munthu amene akudya mopereweza dala salima ngati mnzake wokhuta. Mizere ikachedwa, banja lonse lidzamva mu Febuluwale, chikho chili pakhoma kapena ayi. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kukambirana ndi akunyumba musanayambe: ndani adzagwira ntchito yanu sabata yomaliza, ndipo ndalama ya ganyu idzachokera kuti?

Mpikisano umene umakomera mlimi ndi wa pakati pa Julaye ndi Sepitembala, chifukwa kukonzekera kwake kumagwera m'nyengo ya masika, nkhokwe zili zodzaza, nyemba ndi mtedza zatsika mtengo, ndalama ya fodya yalowa. Mu Januwale ndi Febuluwale musayese n'komwe kuchepetsa chakudya. Miyezi imeneyo imachepetsa yokha.

Mwayi umene mlimi ali nawo ndi uwu: anzathu a m'tauni amalipira kuti akathamange pamakina kuti awotche mafuta, pomwe inu khasu ndi njinga zikukuchitirani kale ntchitoyo. Tsiku limene mwalima maola anayi musaonjezerenso kuthamanga.

Chakudya

Minofu imamangidwa ndi mapuloteni, zakudya zija azaumoyo amati zomanga thupi. Wonyamula zitsulo amafunika magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wa makilogalamu 70 akufunika magalamu pakati pa 110 ndi 150.

Zimamveka zambiri, koma tiyeni tiwerengere ndi zimene zili pamsika wathu. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Kapenta wouma wa ku Cahora Bassa, kapena usipa wochokera ku Malawi, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Nyemba zouma zolemera magalamu 100 zimapereka oposa 20, soya oposa 35. Ngakhale ufa wa mgaiwa uli ndi 8 kapena 9 pa magalamu 100. Ndiye mazira atatu m'mawa, kapenta wodzaza manja awiri masana, mbale ya nyemba ndi tinyama ta soya madzulo, pamodzi ndi nsima yanu, mwafika kale pafupi ndi 125. Nkhuku, mbuzi kapena mbewa zikapezeka, ndi phindu. Zitini za ufa wa mapuloteni zogulitsidwa m'masitolo a ku Tete si mankhwala amatsenga. Ndi chakudya basi, ndipo mtengo wa chitini chimodzi ungakugulireni mazira ambirimbiri.

Mtedza ndi wofunika kusamala nawo. Uli ndi mapuloteni ambiri ndithu, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, choncho ndi wabwino pomanga thupi, woipa pochotsa mafuta. Wachuku tayani, chifukwa umawononga chiwindi.

Nsima musaisiye. Chepetsani mitanda pang'onopang'ono, mwina kuchoka pa inayi kufika pa itatu, kenako iwiri, ndipo malo otsalawo mudzaze ndi masamba: nkhwani, chisoso, bonongwe, mpiru. Zoyamba kuchotsa ndi shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mandasi, tchipisi ndi mowa. Kachasu ndi masewerowa siziyendera limodzi.

Muzidziyeza kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, pasikelo imodzimodzi. Sikelo ya kuchipatala kapena yogulira mbewu ikukwanira. Lembani m'kope.

Zitsulo

Masiku anayi kapena asanu pasabata, ola limodzi patsiku, ndi okwanira. Chiwalo chilichonse chigwire ntchito kawiri pasabata, ndipo kulemera kapena maulendo onyamula azikwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Vuto la majimu athu a kuseri kwa nyumba n'lodziwika: aliyense akufuna chifuwa ndi mikono, miyendo n'kukhala ngati ya kakowa. Oweruza amakutembenuzani n'kuona ntchafu, akatumba ndi msana, ndipo ambiri amagwera pomwepo. Kunjuta mutasenza chitsulo pamapewa, kudzutsa chitsulo pansi msana uli wowongoka, ndi kudzikoka pamtanda wa mtengo, zitatuzi zisasowe.

Zitsulo za simenti muziziyeza, chifukwa mbali ina ikalemera kuposa inzake thupi limakula mopendekeka ndipo msana umavulala. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndiye n'chida chabwino chodziwika kulemera kwake. Gonani maola asanu ndi awiri kapena kuposa, m'neti. Malungo a sabata imodzi amabweza m'mbuyo ntchito ya mwezi wathunthu.

Kuima pansanja

Chimene ongoyamba amachinyozera kwambiri ndi kaimidwe. Pamalamulo a IFBB pali maimidwe asanu ndi awiri okakamiza: kuonetsa mikono yonse mutayang'ana kutsogolo, kutambasula msana mutayang'ana kutsogolo, chifuwa cham'mbali, mikono yonse mutafulatira, kutambasula msana mutafulatira, kumbuyo kwa mkono cham'mbali, ndiponso pamimba ndi ntchafu. Palinso kutembenuka kanayi, ndipo ofika kumapeto amapatsidwa pafupifupi mphindi imodzi yodzionetsa motsatira nyimbo imene asankha.

Kuumitsa thupi lonse, nkhope ikumwetulira, mpweya ukutuluka bwinobwino, n'kotopetsa kuposa mmene zimaonekera. Yambani kuyeserera masabata asanu ndi atatu mpikisano usanafike, mphindi 15 tsiku lililonse. Galasi limanama chifukwa pansanja palibe galasi. Pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni, makamaka kumbuyo kumene simudziona.

Mankhwala

Pajimu iliyonse pamapezeka wina wonong'oneza kuti ali ndi jakisoni wofulumizitsa. Mankhwalawa, otchedwa ma steroid, ndi oletsedwa ndi bungwe la WADA loona za mankhwala m'masewero. Amakulitsa minofu, inde, koma amakweza magazi, amawononga mtima ndi chiwindi, amameretsa mabere kwa mwamuna, ndipo amachepetsa mbewu ya abambo mpaka ena kulephera kubereka. Ogulitsidwa mobisa ambiri ndi achinyengo, ndipo kubwerekana singano ndi njira ya HIV ndi matenda a chiwindi.

Timapiritsi ndi timadzi tonenepetsa ta pamsika, ngati Super Apeti, timangokulitsa njala ndi tulo. Chimene chimabwera ndi mafuta, osati minofu. Choopsa china tikuchiona m'mavidiyo a ku Brazil: anthu kudzibaya mafuta kapena mavitamini a ziweto m'mikono kuti itupe. Zotsatira zake ndi zithupsa, mafinya, ena kudulidwa minofu yowola. Mankhwala a ng'ombe asiyireni ng'ombe.

Sabata yomaliza ili ndi msampha wake. Ena amasiya kumwa madzi kapena amamwa mapiritsi okodzetsa kuti khungu limatirire paminofu. Mohammed Benaziza, katswiri wodziwika padziko lonse, anamwalira mu 1992 ku Netherlands patangopita maola ochepa atapambana mpikisano, ndipo imfa yake inakhudzana ndi mchitidwe umenewu. Iye anali ku Ulaya, kufupi ndi zipatala zazikulu. Inu muli m'chigawo chimene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chigwa cha Zambezi. Imwani madzi monga mwa masiku onse, mchere musausiye, ndipo musayese chakudya chachilendo sabata imeneyo.

Musanayambe kuchotsa mafuta pitani ku centro de saúde akakuyezeni kuthamanga kwa magazi. Amene ali ndi matenda a shuga, a impso kapena a mtima, ndiponso amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, afunse kaye adokotala. Osakwana zaka 18 anyamule zitsulo, adye mokwanira, koma za kuchepetsa chakudya adikire.

Za ulendo

Werengerani chapa popita ndi pobwera, malo ogona usiku umodzi kapena uwiri, ndalama yolembetsera, kabudula wovomerezeka pagawo lanu ndi mafuta opaka pang'ono. Mphoto za mipikisano ing'onoing'ono nthawi zambiri sizibweza zonsezi, choncho musagulitse chimanga cha m'nkhokwe poyembekezera kupambana. Fikani tsiku limodzi mpikisano usanachitike, chifukwa kuyeza kulemera ndi kulembetsa kumachitika msanga, ndipo wochedwa salowa. Tsitsi la m'thupi metani kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti zilonda za lezala zipole. M'chikwama muikemo BI kapena pasipoti, mbatata yophika, nthochi, botolo la madzi, thaulo, ndi nyimbo yanu pa memori kadi komanso pafoni.