Mbiri ya Kujambula Nsomba Pansi pa Nyanja ya Malawi

Kwa zaka pafupifupi zana limodzi kuchokera pamene David Livingstone ndi anzake anafika m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi mu 1859, akatswiri a sayansi ankazidziwa nsomba za m'nyanjayi zili zakufa, popeza kunyanjako kunalibe chida chothandiza munthu kukhalitsa pansi pa madzi kuti aziyang'ane zili moyo, ndiponso kunalibe kamera imene ikanapirira kunyowa. John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa Livingstone, anasonkhanitsa zikopa zouma za nsomba zingapo, ndipo Albert Günther wa ku British Museum anazifotokoza mu 1864. Pambuyo pake Rodney Wood, munthu wokonda zachilengedwe amene kwa zaka zina anali ndi munda ku Thyolo, dera la minda ya tiyi limene atsamunda ankalilemba kuti Cholo, anatumiza ku London nsomba zambiri za m'nyanjayi, ndipo Charles Tate Regan anazilongosola mu 1922, n'kupatsa zina mwa izo dzina lokumbukira Wood yemweyo. Ethelwynn Trewavas anapitiriza ntchitoyi mu 1935 pogwiritsa ntchito nsomba zimene Cuthbert Christy anasonkhanitsa mu 1925 ndi 1926.

Nsomba yosungidwa m'botolo la mankhwala imasuluka msanga, mwakuti buluu ndi chikasu chimene inali nacho m'madzi zimasanduka zotuwa, ndipo katswiri amatsala ndi zinthu zowerengeka zokha, monga mano, mamba ndi minga ya pa zipsepse. Vuto lake linali lakuti mitundu yambiri ya nsomba za m'miyala imafanana kwambiri pa zinthu zimenezi, ndipo imasiyana makamaka pa maonekedwe a yaimuna pa nthawi yoswana, chinthu chimene mankhwala aja ankachifafaniza. Asodzi a m'mbali mwa nyanja ankadziwa zambiri za chambo, utaka, usipa, mcheni ndi kampango, nyengo zake ndi malo ake, koma tinsomba ta m'miyala sitinkakodwa kawirikawiri m'makoka, ndipo Atonga a ku Nkhata Bay ankatiphatikiza tonse pa dzina limodzi lakuti mbuna.

Kusintha kunayamba m'zaka za m'ma 1950, pamene Geoffrey Fryer, amene ankagwira ntchito yofufuza za nsomba ku Nkhata Bay, ankavala galasi lakumaso n'kumayang'ana mbuna zikudya ndere pa miyala, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1959. Pa nthawiyi n'kuti zida zenizeni zitapangidwa kale kumaiko ena. Louis Boutan anajambula zithunzi pansi pa nyanja ku Banyuls-sur-Mer m'dziko la France mu 1893, ndipo mu 1943 Jacques-Yves Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga Aqua-Lung, chida chimene chimatenga mpweya wopanikizidwa m'silinda yoberekera kumsana n'kuupereka kukamwa kwa wosambira pa mlingo wofanana ndi mphamvu ya madzi omuzungulira. Kusambira ndi chida chotere ndi kumene kumatchedwa scuba. Kamera yotchedwa Calypso, imene inkalowa m'madzi yokha popanda bokosi loiteteza, inatengedwa ndi kampani ya Nikon n'kuyamba kugulitsidwa mu 1963 pa dzina lakuti Nikonos, ndipo kwa zaka zambiri inali chida chodalirika cha ojambula pansi pa madzi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake zithunzi zoyamba za mbuna zinali zochepa ndiponso zamtengo wapatali, ayenera kudziwa zimene madzi amachita ku kamera ndi ku kuwala. Mphamvu imene madzi amapanikizira chinthu imawonjezeka ndi muyeso wofanana ndi wa mpweya wonse wa mumlengalenga pa mamita 10 alionse otsika, ndipo chimene chimaletsa madziwo kulowa ndi kamphira kozungulira kotchedwa O-ring, kamene kamakhala m'kangalande ka chitseko cha kamera. Kamphirako kamachotsedwa, kupukutidwa, kuunikidwa ndi kupakidwa girizi pang'ono chabe asanakabwezeremo, chifukwa tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi kotsalira pamenepo ndi kokwanira kudzaza kamera yonse ndi madzi. Filimu inkakhala ndi zithunzi 36 zokha ndipo sinkasinthika munthu ali pansi, choncho wojambula ankaganiza kawiri asanadine, komanso zotsatira zake ankaziona patapita masiku kapena masabata, filimuyo itatsukidwa. Pa Nikonos zambiri wojambula ankachita kuyerekeza yekha mtunda wa pakati pa iye ndi nsomba, pamene galasi lakumaso limaonetsa zinthu ngati zili pafupi ndiponso zazikulu kuposa mmene zilili.

Kuwala nakonso kuli ndi malamulo ake. Madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, kenaka kwachikasu, mpaka zonse zimaoneka zabuluu kapena zobiriwira, n'chifukwa chake wojambula amafunika fulashi, nyali yong'anima kamodzi, kuti abweze maonekedwe enieni a nsomba. Fulashi ikakhala pafupi ndi diso la kamera imawalitsa tizinyalala tonse toyandama pakati pa kamera ndi nsomba, ndipo chithunzi chimadzaza ndi madontho oyera, kotero kuti ojambula anaphunzira kuiika pa mkono wautali cha pambali ndi kuyandikira nsomba kwambiri kuti madzi a pakati achepe. Kwa ofufuza mbuna, amene ankasiyanitsa mitundu poona mizere ndi mawanga a yaimuna, fulashi yoikidwa bwino ndiyo inkapereka umboni, osati kukongoletsa chabe.

Zipatso za zida zimenezi zinaoneka bwino mu 1983, pamene Tony Ribbink ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa nsomba za m'miyala amene anachita posambira ndi scuba m'malo ambiri a nyanjayi, ndipo anazindikira mitundu ya mbuna pafupifupi 200, yambiri mwa iyo yopezeka pa chilumba chimodzi kapena pa gombe limodzi lamiyala basi. Kafukufukuyu anasonyezanso kuti pa chilumba cha Thumbi West, pafupi ndi mudzi wa Chembe, panali mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zimene zinatayidwa pamenepo ndi ochita malonda otumiza nsomba zoweta kunja. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsombazi. Malonda a nsomba zoweta, amene Stuart Grant wa ku Salima anatchuka nawo, anakopa ojambula ena monga Ad Konings wa ku Netherlands, amene mabuku ake a zithunzi za pansi pa madzi anadziwitsa anthu a ku Ulaya ndi ku America nsomba za ku Likoma, Chizumulu, Mbenji ndi Maleri.

Chithunzi chimodzi chimaonetsa maonekedwe, koma khalidwe la nsomba limafuna kanema, ndipo nyanjayi ili ndi makhalidwe amene munthu sangawakhulupirire atangouzidwa. Kenneth McKaye, amene anafufuza kwa nthawi yaitali ku Cape Maclear, anafotokoza mmene nsomba yotchedwa kaligono imagonera chammbali pa mchenga ngati yafa mpaka tinsomba titaiyandikira n'kutigwira, ndiponso mmene zazimuna zoposa 50,000 za mtundu wina wa nsomba za pamchenga zinaunjikira timilu tokopera zazikazi pa mtunda wa makilomita 4. Makamera a vidiyo atayamba kuikidwa m'mabokosi osalowa madzi, anabweretsa zofunika zatsopano, chifukwa kanema amafuna nyali yoyaka mosalekeza m'malo mwa fulashi, nyaliyo imadya batire msanga, ndipo dzanja likamanjenjemera woonera amachita chizungulire. Ofufuza ena anapeza kuti njira yabwino ndi kukhazika kamera pansi pa miyendo itatu n'kuchokapo, popeza thovu ndi phokoso la mpweya wa wosambira zimasokoneza nsomba imene ikulera ana. Pulogalamu ya BBC yotchedwa Planet Earth, imene inaonetsedwa mu 2006, inali ndi gawo lojambulidwa m'nyanjayi, kuphatikizapo nsomba zosaka usiku m'mipata ya miyala.

Kusankha chida choyenera nyanjayi kumatsatira chikhalidwe cha madzi ake. Madziwa alibe mchere, motero zitsulo sizidyeka msanga ngati kunyanja zikuluzikulu, koma amanyamula zinthu mochepa, ndipo bokosi la kamera limene linalinganizidwa kuti liziyandama pakati m'madzi amchere limalemera pang'ono likafika kuno. Nyanjayi ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja zamchere, zimene zimafuna kuti wosambira asinthe kawerengedwe ka nthawi imene angakhale pansi popanda kudwala potuluka. Mphepo ya mwera imavundula madzi m'miyezi yozizira ndipo mvula ikayamba mitsinje imathiramo matope, kotero kuti madzi amayera bwino m'chilimwe, nthawi yomwenso bokosi lotenthedwa ndi dzuwa m'boti limachita nthunzi mkati likangolowa m'madzi, pokhapokha litasungidwa pa mthunzi ndi kuikidwa timapaketi toyamwa chinyezi. Makamera ang'onoang'ono onga GoPro atsitsa mtengo wa ntchitoyi ndipo afika m'manja mwa alendo ambiri a ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, komabe diso lawo limaona malo otakasuka, mwakuti mbuna ya masentimita 10 imaoneka ngati kadontho ngati wojambula sanaiyandikire, ndipo makanema ambiri otengedwa nawo amaonetsa unyinji wa nsomba koma osathandiza kudziwa mtundu wake.

Zida zonsezi zili ndi malire amene nyanja inaika. Wosambira wamba wa scuba sapyola mamita 40, pamene nyanjayi imazama pafupifupi mamita 700 kumpoto kwake, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma umapezeka mpaka cha m'mamita 200. Pakati pa malire awiriwa pali dera lalikulu la ndunduma ndi nsomba zina za madzi akuya, zimene mpaka lero zimadziwika kwenikweni kudzera m'maukonde a matrola, zitafa kale, monga mmene zinalili nsomba zimene Rodney Wood anatumiza ku London.