Kachisi wa Hinglaj ndi Asilamu omuzungulira

M'chigawo cha Balochistan ku Pakistan, m'mbali mwa mtsinje wa Hingol, muli phanga limene Ahindu amalitcha kachisi wa Hinglaj. Iwo amakhulupirira kuti pamenepo padagwera mutu wa Sati, mulungu wawo wamkazi. Kale, opita kumeneko ankanyamuka ku Karachi wapansi, ngamila zitasenza madzi ndi kamba, n'kuyenda masabata angapo m'chipululu chotentha.

Mbiri ya malowa yalukana ndi ya Asilamu. Shah Abdul Latif Bhittai, mlakatuli wa ku Sindh wa zaka za m'ma 1700, adafikako limodzi ndi Ahindu oyendayenda. Asilamu a kumeneko amatcha malowa Nani, kutanthauza agogo aakazi.

Mu 1947, India ndi Pakistan zitagawikana, Ahindu ambiri adasamukira ku India, ndipo kachisi adatsala pakati pa Asilamu, koma sadagumulidwe. Msewu wa Makran utatsegulidwa mu 2004, ulendo wa masabata udasanduka wa maola ochepa. Lero, mwezi wa Epulo, zikwizikwi zimafika pa mabasi, n'kuyamba zakwera phiri lophulika matope la Chandragup kukaponyamo kokonati.

Ife sitipembedza kumeneko, pakuti Allah alibe mnzake. Komabe ife a ku Mzuzu, Nkhata Bay ndi Karonga, amene tili ochepa pakati pa Akhristu, tikudziwa kuti mzikiti wa ochepa umaima mwamtendere pamene ambiri asankha kuulemekeza. Nafenso kumene tachuluka, monga ku Mangochi, tili ndi udindo womwewo pa nyumba zopemphereramo anzathu.